Eriyo Yoimika pa Denga la Malata

Gogo Chalo, nduna zanu, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo nonse a kuno ku Chambe, ndathokoza kuti mwasiya makasu anu ndi kudzakhala pansi kuti timvane.

Inu nomwe ndinu mboni kuti m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri lathuli, nasesa nyumba, minda ndi milatho kuno ku Mulanje ndi kwa anansi athu a ku Phalombe, chenjezo la a nthambi yoona zanyengo linkaperekedwa pa wailesi ndi pa mafoni, ndipo iye amene wailesi yake inkangosokosera analibe pomvera. Makolo anati chakudza sichiimba ng'oma. Koma masiku ano mthenga amabwera ndithu, ndipo kwatsala n'kuti timutsegulire khomo. Chifukwa chake lero sindinena za mbewu, koma za kachitsulo kamene timati eriyo.

Ambiri mwandidandaulira kuti chikhomereni malata, foni imene inkagwira bwino m'nyumba yaudzu tsopano imafuna muituluke nayo pabwalo, ndipo simukunama. Mafunde amene amanyamula mawu amadutsa mu udzu mosavuta, koma akafika pa chitsulo amabwezedwa monga kalilole abwezera kuwala kwa dzuwa. Mukagoneka waya wa eriyo pamwamba pa lata, kapena kuuyendetsa mokhudzana nalo, mafunde obwera ndi obwerera amakumana nafafanizana, ndipo inu mumatsala ndi phokoso lokha. Koma eriyo yomweyo mukaiimika chilili, tsinde lake litakhazikika pa lata, denga lonse limasanduka theka lachiwiri la eriyo, kotero kuti chitsulo chimene chinali mdani wanu chimayamba kukutumikirani. Mfundo imeneyi muisunge mumtima, pakuti zina zonse zimene ndinene zikuchokera pamenepa.

Tsono mukafika kwa wogulitsa, kaya pa Chitakale kaya ku Limbe, musachite manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Mufunse ngati eriyoyo inapangidwira kuima pa chitsulo, ndipo mufunsenso mafunde amene imalandira, popeza utali wake suchokera m'mutu mwa mmisiri. Wailesi za FM, monga MBC ndi Zodiak, zimaulutsa pakati pa 88 ndi 108 pa namba za wailesi yanu, ndipo eriyo yoyenera mafunde amenewo imatalika pafupifupi masentimita 75. Pamene ya netiweki ya mafoni, imene mafunde ake ndi aafupi, masentimita 8 okha akhoza kuikwanira. Munthu wokuuzani kuti kanthu kotalika ngati chala kadzakugwirirani bwino zonse ziwiri, ameneyo mumsiye ndi katundu wake.

Zambiri mwa eriyo zotere zili ndi maginito pansi pake. Malata athu wamba ndi achitsulo, ndipo maginito amawagwira, koma pa malata a aluminiyamu sagwira konse, choncho muyambe mwayesa kunyumba musanataye ndalama. Ine ndimakonda yomanga ndi mabauti, chifukwa mphepo ya kuno mukuidziwa. Muiike chapakati pa denga, osati m'mphepete, kuti chitsulo chiizungulire mbali zonse. Chingwe chake chikhale chozungulira chija chokhala ndi waya mmodzi pakati ndi ukonde wa timawaya kunja, osati waya wamagetsi. Chikhalenso chachifupi, pakuti mphamvu imene mwaikolola padenga imatayika pang'onopang'ono m'njira yaitali. Polumikizira mukulunge ndi tepi, chifukwa madzi a chiperoni akalowamo, dzimbiri limamaliza ntchito mwakachetechete.

Kwa inu a komiti amene mumasunga modemu ya gulu, kapena kamakina kotumiza uthenga kuchokera pa pampu ya sola, m'bokosi lachitsulo lokhoma poopa akuba, mverani: eriyo imene ili m'kati mwa bokosi lotsekeka yakwiriridwa. Boolani, muitulutse pamwamba, makina atsale m'kati. Tieriyo tija topyapyala tomata ngati sitika n'ta pa pulasitiki, ndipo tikamatidwa pa chitsulo timafa, pokhapokha titalembedwa kuti n'ta pa chitsulo.

Ndisakunamizeni, mafoni athu a m'manja alibe pobayira eriyo yakunja, ndipo makina okuzira netiweki amene ena amagulitsa mobisa sayenera kugwiritsidwa ntchito popanda chilolezo cha MACRA, chifukwa amasokoneza mafoni a anzanu. Thanthwe la Chambe nalonso palibe eriyo ingaliboole. Ngati mlongoti woulutsa mawu uli kuseri kwake, muyambe mwayendayenda ndi wailesi mbali zonse za nyumba, mupeze pamene mawu akumveka bwino, kenaka mubooleko lata.

Chomaliza n'chokhudza moyo. Mitambo ikada, ziphaliwali zikayamba, muzule chingwe cha eriyo ku wailesi ndi kuchiika kutali ndi ana, ndipo wina asakwere padenga mvula ili pafupi. Tsopano, a Gogo mukatilola, anyamata awiri abweretse lata ndi wailesi, kuti aliyense amve ndi makutu ake kusiyana kwa eriyo yogona ndi yoima.