Lichinga ndi Tete: mzinda wa bata ndi mzinda wa phokoso

Lero tikamba za mizinda iwiri ya dziko lathu. Ana athu ambiri akunena kuti, "Kuno kumudzi kuli zii, ife tikupita ku tauni." Tisanawayankhe, tiyeni tidziwe kuti matauni sali ofanana.

Tiyambe ndi Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa. Atsamunda ankautcha Vila Cabral. Dzinalo tinalitaya titalandira ufulu mu 1975. Mzindawu uli pamtunda, ndipo kumazizira. Mu Juni ndi Julayi munthu satuluka m'mawa wopanda jekete. Dzuwa likalowa anthu amafulumira kulowa m'nyumba, ndipo umamva mphepo m'mitengo ya paini ndi galu akuuwa kutali. Pamsika pali nyemba, mbatata ya kachewere ndi usipa wochokera ku nyanja ya Niassa. Wogulitsa ali ndi nthawi yokufunsa za kwanu.

Tsono titsikire ku Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Kumeneko kumatentha zedi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Masana anthu amabisala pamthunzi. Usiku m'nyumba simugoneka, choncho amayala mphasa panja, amacheza, amagulitsa, wailesi ikulira. Njinga zamoto zonyamula anthu zimaliza mahutala. Wogulitsa masau kapena nsomba za chicoa sakuyembekeza kuti uganize, pakuti kumbuyo kwako kuli wina.

Kodi anthu a ku Tete ndi akhama kuposa a ku Lichinga? Iyayi. Kusiyana kuli pa njira.

Tete ndi mphambano. Malole ochokera ku Beira ndi ku Zimbabwe amawoloka Zambezi pomwepo, kulowera ku Malawi kudzera ku Zóbuè. Mlatho umene lero timautcha Samora Machel unatsegulidwa mu 1973. Malole atachuluka, anamanga wina, wa Kassuende, mu 2014. Pafupi pali Moatize ndi malasha ake. Pamene padutsa katundu pamabwera anthu, ndipo anthu amabwera ndi phokoso.

Lichinga ali kumathero a njanji. Njanji yochokera ku Cuamba inafika mu 1969, koma kwa zaka zambiri sitima inkabwera mwa apo ndi apo, mpaka njanjiyo itakonzedwa mu 2016. Bata la Lichinga ndi lokoma kukhutu. Koma mlimi amene nyemba zake zafumbwa podikira galimoto, batalo salikonda.

Phokoso la Tete nalonso lili ndi mtengo wake. Nyumba ya lendi ndi yodula. Nkhuni n'zogula, ndiwo n'zogula. Mbatata ndi kabichi zimene amadya kumeneko, zambiri zimatsika kuchokera m'minda ya ku Angónia ndi Tsangano, minda yomweyo imene anyamata akuithawa. Ndipo tisaiwale izi: mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 anasamutsidwa kupita ku Cateme kuti malo awo akumbidwe malasha. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji, kudandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Nkhani zotere zimayenda ndi mapepala. Amene sadziwa kuwerenga amadinda chala pa mawu amene wauzidwa ndi wina.

Ife sitikuletsa mwana kupita. Mwana wa zaka 20 sungamumange ndi chingwe ngati mbuzi. Koma mum'funse: ukafikira kwa yani? Ntchitoyo wakulonjeza ndani? Malipiro ake alembedwa pati, ndipo ndi mametikali angati? Pepalalo abwere nalo, muwerengere limodzi.

Tsopano tengani makope anu. Lembani mawu awiri awa: bata, phokoso. Amene anafikako ku Lichinga kapena ku Tete aimirire, atiuze zimene anamva usiku woyamba.