Kuphika m'bwato: mawu kwa asodzi a ku Ngabu



Ambiri mwa inu mumagonera ku dambo la Elephant Marsh, nsima ndi tiyi n'kumaphikira m'bwato momwemo. Tiyeni tikumbutsane zinthu zitatu.

Choyamba, mbaula izikhala pa lata lothira mchenga, kutali ndi maukonde komanso chigubu cha petulo. Chachiwiri, madzi a mu Shire muziwawiritsa mpaka abwadamuke musanamwe. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale. Chachitatu, matumbo a mlamba kapena mphende musatayire pamene mwakocheza, ndipo mapoto musatsukire m'madzi kukada. Ng'ona imatsata fungo.

A komiti, uthengawu ufike kwa msodzi aliyense asanapalase bwato.