Sukulu Zolipira ndi Sukulu za Boma



Lero tikambirana nkhani imene imasowetsa tulo makolo ambiri. Kodi nkoyenera kugulitsa ng'ombe kapena kutenga ngongole kuti mwana alowe sukulu yolipira, kapena kusamukira ku dera kumene kuli sukulu yochuka?

Ludzu limeneli linayamba kale. Dziko lathu lisanalandire ufulu mu 1964, sukulu zokhala ndi zipangizo zokwanira, monga Gilbert Rennie ya mu Lusaka imene lero timaicha Kabulonga Boys, zinali za ana a Azungu. Ana a anthu akuda anali kulimbirana malo ocepa pa Munali, kumene anaphunzira Dr Kenneth Kaunda. Motero anthu anazolowera kuganiza kuti nzeru zimakhala m'dzina la sukulu.

Tisanamizane, ndalama zili naco cimene zimagula. Mu 2002 Boma linacotsa malipiro kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ndipo mu 2022 linawacotsa kufikira Giredi 12. Ana anakhamukira ku sukulu, ndipo ngakhale aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito caka comweco, makalasi ambiri anadzaza. Mphunzitsi wa ana 80 sangaconge kope la aliyense tsiku ndi tsiku monga amacitira mnzace wa ana 25.

Komabe si sukulu yolipira iliyonse imene ili yotero. Zina ndi nyumba zogonamo cabe zimene anazipaka penti ndi kuzipatsa dzina lokoma la Cingelezi. Ganiziraninso mwana amene amadzuka tambala asanalire kuti akwere minibasi ziwiri. Pofika m'kalasi amakhala atatopa kale. Malipiro akacedwa amabwezedwa pa cipata, ndipo kunyumba azing'ono ace amasowa ndi nsapato zomwe. Cikhalireco, ambiri a ana amenewa adzakhala pa mayeso omwewo a Examinations Council of Zambia amene inu mudzalemba.

Aphunzitsi, kholo likadza kwa inu kudzapempha nzeru, musalinyoze. Liuzeni likaone makope ngati amacongedwa, likafunse ngati aphunzitsi a kumeneko anacita maphunziro a uphunzitsi, ndiponso limvetsere mwana wa Giredi 2 akuwerenga. Mpanda wautali ndi yunifomu sizinena kanthu pa zimenezi.

Tsopano, ana inu, nayi nchito yanu. Funsani agogo anu kapena munthu wina wacikulire mtunda umene anali kuyenda popita ku sukulu, ndi cimene makolo ao anagulitsa kuti awalipirire. Mulembe mizere isanu, mukapereke kwa aphunzitsi anu Lolemba.