Mzinda ukukula, ife tikuyendabe pansi: pulani ya mayendedwe ili kuti?

Awa ndi mawu amene tinayankhula pa mkumano wathu wapitawu. Ambiri simunafike, ndipo chifukwa chake munatiuza nokha: ya thiransipoti panalibe. Nkhani yathu ndi yomweyo. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize ku magulupu anu.

Tiyambe ndi zimene tonse timaziona m'mawa uliwonse. Wa ku Area 25 wogwira ntchito ku Old Town amadzuka kusanache, n'kukaima pa siteji minibasi zikudutsa zodzaza. Kukangochita mitambo, kondakitala wakweza mtengo. Wa ku Chinsapo wopita ku Kanengo amakwera kawiri: kutsika m'tauni, kuponda matope a ku depoti, kukweranso ina. Wa ku Mtandire amangouyamba wapansi, m'mphepete mwa phula, galimoto zikumupemerera fumbi. Mwezi usanafike pakati, thiransipoti yadya kale malipiro. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi inakwera nthawi yomweyo. Malipiro athu anakwera nawo? Yankho mukulidziwa.

Tsono tamvani manambala. Pa kalembera wa 1966, Lilongwe inali ndi anthu osakwana 20,000. Mu 1975 inakhala likulu la dziko m'malo mwa Zomba. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka tilimo 989,318. Ndipo nambala imeneyo sikuwerenga anzathu ogona kunja kwa malire a mzinda, mbali za Chigwirizano, Njewa kapena Nathenje, amene amalowa m'tauni m'mawa uliwonse. Lilongwe anaimanga motalikirana: Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, pakati pake tchire. Nyumba za lendi yotsika zili kutali, ntchito zili pakati. Ndiye wosauka ndi amene amayenda mtunda wautali kuposa onse, komanso ndi amene amalipira kwambiri.

Musaganize kuti mapulani kulibe. Alipo. Mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza kulemba pulani ya chitukuko cha Lilongwe yofika mpaka 2030. Palinso pulani ya mayendedwe ya dziko lonse, National Transport Master Plan, ya 2017 mpaka 2037. Mu Malawi 2063, kukula kwa mizinda ndi imodzi mwa nsanamira zitatu. Funso lathu ndi lakuti: ndani mwa ife anaitanidwapo kuti anenepo maganizo ake? Ndani anaiona mu Chichewa? Chaka cha 2030 chili pakhomo, ndipo pulani yotsatira idzalamulira mmene tidzayendere tili ndi zaka 40 kapena 50. Ambiri amene adzasainire adzakhala atapuma ntchito. Okwera minibasi zake tidzakhala ife ndi ana athu.

Tisanamizane, ntchito ina yagwirika. Interchange ya ku Area 18 tikuiona. Misewu ya Kenyatta ndi Mzimba aikulitsa mpaka mizere 6. M1 kuchoka pa Crossroads kupita ku Kanengo aikuza. Bypass inachotsa mathiraki ambiri pakati pa tauni. Sitikudana ndi phula ayi. Koma paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mizere 6 ija, mzere wa basi yokha ndi uti? Msewu waukulu ukathera pa roundabout, n'kulowa m'makwalala athu a fumbi, wapindula ndani?

Mvetsetsani mmene zimakhalira, chifukwa mizinda yambiri inadutsamo kale. Mukakulitsa msewu, umapepuka kwa zaka zochepa. Anthu poona kuti kukuyendeka, amagula galimoto, amagula mapuloti kutali, ndipo msewu uja umadzazanso. Galimoto yaing'ono nthawi zambiri imanyamula munthu mmodzi kapena awiri. Basi yaikulu imodzi imanyamula anthu oposa 60. Anthu 60 omwewo akakhala aliyense m'galimoto yake, mzere wake ndi umene mumauona madzulo pa mlatho wa Lilongwe uja. Vuto si kuchepa kwa phula kokha. Vuto n'lakuti tikuwerenga galimoto m'malo mowerenga anthu.

Makolo athu amakumbukira mabasi akuluakulu a m'tauni, nthawi ya United Transport Malawi, kenako Stagecoach, kenako Shire Bus Lines. Anali ndi nthawi yake yonyamukira ndi mtengo wodziwika. Atatha, minibasi, kabaza, keke ndi ma Sienta ndi zimene zinatseka dzenje. Choncho a kabaza si adani athu. Ndi abale athu, ena ali pagulupu pompano. Koma aliyense wa ife akudziwa wina amene ali ndi chitsulo m'mwendo chifukwa cha ngozi ya kabaza. Njinga ikalimbirana njira imodzi ndi thiraki, wogonja amadziwika. Kuwathamangitsa ndi kuwalanda njinga si pulani. Pulani ndi kuwapatsa njira yawo, masiteji awo ndi maphunziro a pamsewu amene angawakwanitse.

Ena ati zimenezi n'za kwa azungu. Iyayi, pitani kwa aneba. Ku Dar es Salaam, kuyambira 2016, kuli mabasi amene amawatcha mwendokasi, oyenda mumzere wawookha kuchoka ku Kimara mpaka ku Kivukoni. Mavuto ali nawo, anthu amapanikizana, mabasi amachepa. Koma basi yodzaza anthu wamba imadutsa galimoto ya bwana itaima pa mzere. Chimenecho ndi chisankho cha ndale: mzinda unasankha woyamba kudutsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: malo. Basi mutha kuigula chaka chilichonse ndalama zikapezeka. Koma malo oti idzadutsemo akagawidwa mapuloti, anthu n'kumanga nyumba, basi zatha. Kudzawapezanso kumafuna chipukuta misozi cha mabiliyoni, kapena kugwetsa nyumba za amphawi usiku. Taonani mmene kukudzazira ku Area 49, njira ya ku Likuni, njira ya ku Bunda ndi ya ku eyapoti. M'mera mpoyamba. Njira ya basi ya 2045 iyenera kuikidwa zikhomo lero, kukadali minda.

Ndiye zofuna zathu kwa khonsolo ya mzinda, Roads Authority ndi unduna woona za mtengatenga ndi izi.

Choyamba, atiuze poyera zimene zachitika ndi zimene sizinachitike pa pulani ya 2030, mu Chichewa chomveka.

Chachiwiri, pulani yotsatira isalembedwe mu hotela. Misonkhano ichitikire ku Kawale, ku Area 36, ku Mgona, ku Kauma, Loweruka pamene anthu ali pakhomo.

Chachitatu, malo a njira za mabasi alembedwe pa mapu, atetezedwe ndi lamulo, mapuwo akhomedwe poti aliyense awaone.

Chachinayi, msewu uliwonse watsopano ukhale ndi njira ya oyenda pansi, ya njinga, magetsi ndi powolokera poti gogo kapena wa pa wilitcheya angathe kudutsa. Mtengo ukadulidwa, wina adzalidwe ndipo usamalidwe.

Chachisanu, njanji imene ili kale ku Kanengo iwerengedwe mu pulaniyo, aunike ngati singanyamule anthu a m'mbali mwake.

Nanga ife tichita chiyani? Kuyambira Lolemba, kwa masiku 7, aliyense alembe zinthu zitatu: nthawi yonyamuka, nthawi yofika, ndalama zimene walipira. Woyenda pansi alembenso, mphindi zake n'zofunika. Tumizani kwa mtsogoleri wa gulupu ya dera lanu, dzina lanu musalembe. Tikaphatikiza, tidzapita nazo pamodzi ndi kalata yopempha zikalata za mapulani. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, likutipatsa mphamvu imeneyo. Akakhala chete, gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino likutilola kuchita zionetsero mwamtendere. Tidzadziwitsa akuluakulu monga lamulo likunenera, ndipo tsiku mudzalimva pompano, osati kwina.

Tsikulo likadzafika, palibe kuotcha matayala pa phula, palibe kugenda minibasi, palibe kukhudza katundu wa mavenda. Msewu ndi wathu, tinaulipira ndi misonkho, ndipo ngongole yake tidzabweza ndife. Kondakitala, wa kabaza, mayi wa tomato, tonse tili mbali imodzi.

Lolemba m'mawa, musanakwere, yang'anani nthawi pa foni. Tiyambire pamenepo.