Sikelo Ya Manambala Imanena Zimene Inaphunzitsidwa

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ambiri amakondwa poona sikelo ya batire yoonetsa manambala pa kagalasi. Iwo amati sikelo yotere singaname monga ija ya muvi, imene wogula amaipotoza ndi chala. Koma maganizo amenewa ataya chimanga, soya ndi mtedza wa anthu ambiri.

M'kati mwa sikeloyi muli kachitsulo ka aluminiyamu, ndipo pa kachitsuloko amamatapo timawaya topyapyala koposa tsitsi, kawirikawiri pa malo anayi. Thumba likaikidwa pa sikelo, kachitsuloko kamapindika pang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso, ndipo mphamvu ya magetsi yodutsa m'timawayamo imasintha. Kusinthaku nkochepa zedi, kotero kuti pali kachipangizo kena kokukuza ndi kukusandutsa nambala. Tsono sikelo payokha sidziwa kilogalamu. Iyenera kuphunzitsidwa: mmisiri amaikapo chitsulo cholemera makilogalamu 50 enieni, naiuza kuti 50 ndi ameneyu, ndipo imasunga zimenezo.

Chinyengo chimalowera pomwepa. Munthu wosaona mtima angathe kuikapo katundu wa makilogalamu 55 naiuza sikelo kuti ndi 50, nayo imakhulupirira, pakuti ilibe nzeru zotsutsira. Kuyambira pamenepo thumba la makilogalamu 50 limaoneka ngati la 45 ndi theka. Mlimi amene wabwera ndi matumba khumi wataya pafupifupi thumba lathunthu, iye ali chiimire pomwepo, maso ali pa kagalasi. Enanso amatsegula sikelo nasintha za m'kati, kotero kuti imayesa bwino oyang'anira akafika, nibwerera ku bodza iwo akachoka.

Sikuti kutsegula sikelo kuli konse nkuba, iyayi. Waya amaduka, chinyezi chimaononga, ndipo mmisiri ayenera kukonza. Koma sikelo yochitira malonda ikakonzedwa iyenera kuyesedwanso isanabwerere ku msika. Nchito imeneyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Antchito ake amayesa sikelo ndi zitsulo za muyeso woona, naika chizindikiro chao. Mlimi asachite manyazi kupempha kuchiona chizindikirocho asanatsitse matumba pa ngolo.

Pamudzi pomwe sikelo ingayesedwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho zigubu ziwiri za malita 20, zothiridwa madzi oyesedwa bwino, ziyenera kuonetsa makilogalamu 40 kuonjezapo kulemera kwa zigubuzo. Paketi imodzi ya shuga sikwanira, pakuti pa katundu wochepa bodza la sikelo yaikulu limabisala. Aphunzitsi angachite bwino kuonetsa ana a sukulu kayesedwe kameneka, popeza ndiwo amaperekeza makolo kogulitsa. Ndipo thumba lisanakwezedwe, kagalasi kayenera kuonetsa 0, ndi zilembo za kg pambali pake.