Dzina la Malonda ndi Lonjezo

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Great East, kucokera ku Lusaka kunka ku Luangwa Bridge, apeza malonda ambiri m'dziko la Rufunsa: makala, madengu, zipatso ndi uci wa m'mabotolo. Uciwo kawirikawiri uli wabwino, koma botolo liribe dzina. Wogula akaukonda sadziwa kumene angaupezenso, ndipo akapeza kuti unathiridwa madzi, mlandu ugwera onse ogulitsa pa mseupo. Cotero nkhani ya lero ndi ya anthu amene afuna kugwirizana kuti malonda ao akhale ndi dzina ndi cizindikiro.

Citsanzo ciripo cigwa ca Luangwa. M'caka ca 2003 Dale Lewis ndi anzace anayambitsa bungwe la COMACO, limene ligula mpunga, nshawa ndi uci kwa alimi ndi kuzigulitsa m'masitolo ndi dzina lakuti "It's Wild!". Koma dzinalo silinayende lokha. Alimi anapangana kupereka mfuti ndi misampha yao ya waya ndi kulima mosaononga nthaka, bungwe nalo linapangana kuwaphunzitsa ndi kugula dzinthu zao pa mtengo wabwino. Wogula cimponde ku Lusaka akaona dzinalo adziwa cimene lanena, pakuti pambuyo pace pali pangano limene anthu alisunga.

Tsono kabungwe ka alimi a njuci, kaya ndi kwa Mfumu Mpanshya kaya kwa Bunda Bunda, kayenera kuyamba ndi pangano, cithunzi cibwere pambuyo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lokongola pa botolo la uci wosakhwima licititsa manyazi, cifukwa uci wa madzi ambiri usasa, ndipo wogula akumbukira dzina lomwelo limene analikonda poyamba.

Nchito yoyamba ndiyo kufunsa. Anthu awiri akhale pa mseu masiku angapo, aone amene aima ndi amene apitirira, amve mau a ogula. Woyendetsa lole afuna botolo losatayikira. Mai wa m'basi ali ndi mphindi zowerengeka, afuna kuona mtengo asanatsike. Wina alibe ndarama m'thumba, afuna kulipira pa foni. Zimenezi sizidziwika pa msonkhano wa pansi pa mtengo. Zidziwika pa mseu.

Yaciwiri ndiyo kulemba ulendo wonse wa wogula. Njira imeneyi inadziwika kwambiri ndi mai wina wa ku America, G. Lynn Shostack, amene anaifotokoza m'caka ca 1984. Pa pepala lalikulu alemba mzera pakati. Pamwamba aika zimene wogula aziona: cikwangwani, moni, kulawa, mtengo, cenji. Pansi aika zimene iye saziona: wofula uci, wosefa, wotsuka mabotolo, wosunga buku la ndarama. Pamenepo pooneka poyera kuti cinthu ciri conse ca pamwamba cidalira munthu wa pansi. Nambala ya foni ikalembedwa pa botolo, pafunika kudziwa amene adzayankha foniyo ikalira usiku.

Yacitatu ndiyo kugawana nchito. Mutu umodzi susenza denga, komanso denga silikwera ngati onse agwira mbali imodzi. Wina ayang'anire ubwino wa uci, wina dzina ndi cithunzi, wina kalandiridwe ka ogula, wina ndarama. Nchito iri yonse ikhale ndi mwini wace ndi tsiku lace lotsirizira, ndipo zilembedwe m'buku. Apanganenso poyamba amene adzadula mau anthu akasiyana maganizo, pakuti mabungwe ambiri apasuka pa nkhani zazing'ono monga mtundu wa utoto.

Yacinai ndiyo kuyesa. Asasindikize mapepala zikwi tsiku loyamba. Alembe maina awiri kapena atatu pa mabotolo ocepa, aone limene anthu aliwerenga msanga galimoto iri kuyenda, ndi limene Msoli, Mnyanja ndi mlendo angaticule mosabvuta. Akasankha, apite kukalembetsa dzina ndi cizindikiro ku ofesi ya PACRA, kuti wina asadzacitenge, ndi kufunsa a Zambia Bureau of Standards za malamulo a zakudya ndi zolembedwa pa botolo.

Pomariza pali mau amodzi obvuta: kabungwe kayenera kulimba mtima kukana uci woipa, ngakhale ndi wa mkulu wa mpando kapena wa mbale. Tsiku limene alandira botolo limodzi loipa cifukwa ca cibale, dzina la onse latsika mtengo, ndipo kulikwezanso kutenga zaka.