Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Zipangizo za mu Labotale ku Ndirande, pa 20 May

  

Patebulo apa pali masikelo, ma burette, ma pipette, masilinda oyezera madzi ndi ma thermometer. Mwina kholo lina likudzifunsa chamumtima kuti, "Timabotolo timeneti ndi timene atisiyitsira geni kumsika?" Inde mayi, inde bambo, ndi timeneti. Ine ndakalambira mu labotale, ndipo ndikukutsimikizirani kuti mwana amene wadziwa kugwira bwino tizipangizo timeneti, ndi kulemba molondola zimene waona, wadziwa theka la Chemistry.

Amene anasankha tsiku la lero anaganiza bwino. Pa 20 May 1875, nthumwi za mayiko 17 zinasainirana pangano mumzinda wa Paris kuti mita ndi kilogalamu zikhale zofanana kulikonse, ndipo mpaka lero dziko lapansi limakumbukira za miyezo pa tsikuli. Kuyambira 1889, kilogalamu inali kachitsulo kamodzi ka platinum ndi iridium kamene kankasungidwa motsekeredwa ku Sèvres, kufupi ndi Paris. Kilogalamu ya shuga wa ku Nchalo, ya fodya wa ku okushoni ku Limbe, ya tiyi wa ku Thyolo, zonse zinkatsamira pa kachitsulo kameneko. Koma pofananitsa kachitsuloko ndi tinzake timene anagawira mayiko, akatswiri anapeza kuti patapita zaka pafupifupi 100 tinali titasiyana pang'ono zedi, kusiyana kosakwana kulemera kwa kambewu ka mchenga. Zimenezo zinawasowetsa tulo, ndipo kuyambira pa 20 May 2019 kilogalamu yakhazikika pa nambala ya m'chilengedwe yosasintha, imene Max Planck anaitulukira. Kuno kwathu, amene amatilumikiza ku miyezo imeneyi ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili mumzinda wathu uno. Ndiwo amene amayendera pampu ya petulo kuti lita ikhaledi lita, ndi sikelo ya m'butchala kuti kilogalamu isaperewere.

Sikuti makolo athu sankayeza. Ankayeza nsalu ndi mkono, chimanga ndi dengu, ndipo lero mukalowa mumsika wa Limbe mupeza mulu wa tomato, mbale ya nyemba, ndowa ya chimanga. Miyezo imeneyi sindikuinyoza, imatidyetsa. Imagwira ntchito chifukwa wogula ndi wogulitsa onse akuona ndi maso, ndipo akhoza kunenerera. Koma nonse mukuidziwa ndowa yophwanyidwira mkati kunsi kwake, ndi sikelo ya venda imene imauza mlimi kuti thumba lake la makilogalamu 50 lili ndi 46. Ndipo pali zinthu zimene diso silingaone n'komwe, zimene sunganenerere. Chemistry imagwira ntchito kumeneko.

Nditenge madzi, chifukwa madzi anatiliza. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo mukukumbukira kuti mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Tisanapume, mu March namondwe Freddy anagumula mapiri ku Chilobwe ndi ku Soche, n'kuwononga mapaipi ndi zimbudzi. M'masiku amenewo munawaona alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo ndi chigubu, kuthira klorini m'ndowa za madzi akumwa. Kodi munadziwa kuti m'chigubu chija munali samu?

Samu yake nayi, ndipo ana a Fomu 3 mundithandize. Mlangizi amafuna msanganizo wa 1 peresenti, kutanthauza magalamu 10 a klorini weniweni mu lita imodzi ya madzi. Koma ufa woyera uja amautcha HTH si klorini yekhayekha. Klorini amene amagwira ntchito ndi pafupifupi 70 peresenti. Ndiye atunge ufa wochuluka bwanji? Agawe 10 ndi 0.7, ndipo apeza magalamu 14.3, n'chifukwa chake malangizo amati magalamu pafupifupi 15 pa lita. Msanganizo umenewu si wakumwa ayi. Ndi woti atapeko pang'ono n'kuthira mu ndowa, kuti pakatha mphindi 30 m'madzimo mutsale klorini wa mamiligalamu pafupifupi 0.5 pa lita. Mwamva mawuwo? Mamiligalamu, osati magalamu. Pa pepala kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi, "mg" ndi "g". M'ndowa kusiyana kwake ndi ka 1,000. Akachepetsa, tizilombo ta kolera titsala tamoyo ndipo banja limwa likukhulupirira kuti latetezedwa. Akachulukitsa, madzi anunkha, mayi awataya n'kubwerera kuchitsime cha m'mbali mwa Nasolo, ndipo mawa mlangizi akabwera amutsekera chitseko. Samu yomweyi amaichita tsiku ndi tsiku ogwira ntchito ku Blantyre Water Board, pa madzi amene amapopa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry ndi a ku damu la Mudi, kungoti iwo amawerenga malita mamiliyoni.

Amayi muli pano mumapita kusikelo. Namwino akamamupachika mwana pa sikelo ija, sikuti akungofuna kudzaza kabuku. Mankhwala a ana amaperekedwa potsata kulemera. Paracetamol wa ana ndi mamiligalamu pafupifupi 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mwana wa makilogalamu 8 ndiye kuti afunika mamiligalamu 120. Pabotolo palembedwa kuti mamiligalamu 120 ali mu mamililita 5, choncho mlingo wake ndi mamililita 5. Taonani mmene tayendera: kuchoka pa makilogalamu, kufika pa mamiligalamu, kukathera pa mamililita. Munthu akaphonya sitepe imodzi, ku chipatala cha Queens kumalowa mwana amene sanayenere kugonekedwa. Thanzi, ufa uja wosungunula m'madzi mwana akatsegula m'mimba, nayenso ali ndi lamulo lake: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, osati m'kapu, osati mu ndowa.

Alimi a m'mbali mwa mzinda, ku Chigumula, ku Machinjiri, ku Chileka, nanunso nkhaniyi ndi yanu. Pa thumba la Urea palembedwa 46 peresenti. Ndiye kuti mu makilogalamu 50 amene mwawasenza, chakudya chimene chimanga chikufuna, nayitrojeni, ndi makilogalamu 23. Mwana wanu wa Fomu 4 akhoza kukuonetsani kumene 46 ameneyu wachokera: pa magalamu 60 alionse a Urea, 28 ndi nayitrojeni. Ndiponso malangizo a zaulimi amalembedwa pa hekitala pamene ife timawerenga minda yathu m'maekala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.5. Wosokoneza ziwirizi amathira feteleza wa munda waukulu pa kamunda kakang'ono, ndi mitengo ya feteleza ya masiku ano.

Musaganize kuti zolakwa zotere ndi za anthu osaphunzira. Mu 1999 bungwe la NASA ku America linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chitafika kale ku Mars, chifukwa gulu lina la mainjiniya linawerengera mphamvu m'mapaundi pamene linzake linkayembekezera ma newton. Onse anali akatswiri ophunzira. Chimene chinasowa ndi munthu wofunsa kuti, "Nambala iyi ndi ya chiyani?"

Tsono ana anga, ndili ndi zinthu zoti munyamule kuchokera pano, ndipo ndi zochepa. Nambala isayende yokha. Mukalemba 25 basi, simunanene kanthu. 25 chiyani, mbuzi, makwacha, mamililita? Lembani muyezo wake pambali pa nambala pa mzere uliwonse wa samu yanu, osati pa yankho pokha. Mukatero miyezoyo idzakuuzani yokha ngati mwasochera. Mukachulukitsa magalamu pa lita ndi malita, malita amafafanizana, patsala magalamu. Ngati mumafuna magalamu koma mwatsala ndi malita, musapitirire, bwererani. Mwagawa pamene mumayenera kuchulukitsa. Ambiri amene amati mole ndi yovuta, vuto lawo lili apa. Mole ndi chiwerengero chabe, monga mmene dazeni ilili 12, kungoti iyi ndi 6.022 kuchulukitsa ndi 10 kokwana ka 23. Madzi a magalamu 18, ongopitirira pang'ono supuni yaikulu imodzi, ndiwo mole imodzi ya madzi. Mukadziwa kuti ndi magalamu 18 pa mole, n'kulemba "pa mole" ameneyo, zotsalazo ndi kugawa ndi kuchulukitsa kwa Sitandade 6.

Mukafika pa burette, tsitsani mutu. Madzi m'galasi amapindika ngati kambale, ndipo mumawerenga pansi pa kupindikako, diso lili mulingo umodzi ndi madziwo. Mukaima chilili n'kuyang'ana chapamwamba mudzawerenga zina, mnzanu wamfupi zina. Sikelo muyambe mwaionetsetsa kuti ili pa 0 musanaikepo kanthu. Ndipo kakyuleta isakunamizeni: ikakupatsani 14.285714, pamene sikelo yanu imalekezera pa kadontho kamodzi, lembani 14.3. Manambala enawo simunawayeze, ndiye si anu.

Chimene ndikuchitenga chachikulu koposa ndi ichi: lembani zimene mwaona. Ndawaonapo ophunzira, ngakhale akuluakulu pantchito, akupeza 23.6 pamene akudziwa kuti buku limati 25.0, n'kufufuta mwakachetechete kuti zigwirizane. Zimenezo zimandipweteka kuposa kulephera mayeso. Amene wazolowera kukonza nambala mu Fomu 3, mawa adzasainira kuti madzi ali bwino asanawayeze, kapena kuti mtedza ulibe chuku pamene uli nacho. Ku Ulaya salola mtedza wodya anthu ukapitirira mamayikulogalamu 4 a poizoni wa aflatoxin pa kilogalamu, ndipo iwo amayezanso okha katundu akafika. Bodza la mu labotale limabwerera ndi kontena yonse. Mukapeza 23.6, lembani 23.6, kenaka bwerezani, mufufuze chimene chachitika.

Aphunzitsi, ndikudziwa mavuto anu. Kalasi imodzi ana osefukira, silabasi yaitali, mayeso a MANEB akusuzumira pakhomo, ndiye mutu wa miyezo mumaudutsa mothamanga poti ndi wophweka. Chonde chedwanipo. Sabata imene muthere pa magalamu ndi malita idzakubwezerani mukafika pa titration. Aphunzitsi aakulu, pempho langa kwa inu ndi lakuti zipangizozi zisakhale zokongoletsa kabati, zotulutsidwa pokhapokha kukabwera alendo kapena sabata ya mayeso. Mwana asakayambe kugwira pipette tsiku la MSCE manja akunjenjemera. Zina zidzasweka, ndi magalasi; a komiti ya makolo muikepo kangachepe chaka ndi chaka kogulira zina. Ndipo poyeserera, atsikana asamangopatsidwa ntchito yolemba pamene anyamata akugwira zipangizo. Aliyense agwire, aliyense awerenge. Yunivesite ya MUBAS ili pa Chichiri pomwepa, ya KUHeS ili pafupi ndi Ginnery Corner, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pano, ndipo malo amenewo ndi a ana a ku Ndirande monga alili a wina aliyense.

Makolo, mwana akabwera kunyumba n'kuyamba kuwerenga zolembedwa pa paketi ya mchere kapena pa thumba la feteleza, musamuthamangitse. Mufunseni akufotokozereni.

Ndi mawu amenewa, ndikupereka zipangizozi m'manja mwa aphunzitsi aakulu, ndipo ndikupempha kuti Lolemba likubwerali ana a Fomu 1 akhale oyamba kuzigwira.